Chimene chimasungunula mapulagi ndi kugwiritsa anthu shoko kukhitchini

Pulagi ya ketulo ikasungunuka, kapena soketi ya kukhitchini ikada ngati yapakidwa mwaye, mawu oyamba kumveka m'nyumba zambiri ndi akuti "magetsi anabwera ambiri." Nthawi zina zimakhala zoona ndithu, chifukwa mphamvu ya magetsi imatha kulumpha akamayaka atazima kapena kukachita ziphaliwali. Koma yankho limeneli limasiya funso lina. Bwanji yapsa ndi soketi ya ketulo yokha, pamene ya TV ndi ya tchaja ya foni, zomwe zili pa mita yomweyo, zili bwinobwino? Nanga bwanji rice cooker imakuthetheretsani zala mukaikhudza muli chapansi, koma mukavala masilipasi imakhala ngati ilibe vuto?

Mafunso awiriwa akuloza ngozi ziwiri zosiyana. Ina ndi kutentha komwe kumabala moto, ina ndi magetsi kudutsa m'thupi la munthu. Iliyonse ili ndi chotchinjiriza chakechake, ndipo ngozi zambiri za m'khitchini zimayamba pamene chotchinjirizacho chachotsedwa, chalambalalidwa, kapena sichinaikidwe n'komwe.

Manambala atatu olembedwa kunsi kwa ketulo

Tembenuzani ketulo yopanda madzi muone kunsi kwake. Pali kachikwangwani kolembedwa manambala, mwina 220–240V, 50Hz, 2200W. V akuimira ma volt, W akuimira ma watt, ndipo ya Hz sitiifuna pano. Kuti timvetse, tiyerekeze ndi madzi a m'paipi. Ma volt ndi mphamvu imene madziwo akukankhira. Ku Malawi ESCOM imabweretsa m'nyumba ma volt pafupifupi 230. Ma amp ndi kuchuluka kwa madzi amene akudutsa m'paipimo. Ma watt ndi kukula kwa ntchito imene chipangizo chikugwira. Zitatuzi n'zolumikizana: gawani ma watt ndi 230, mupeza ma amp.

Ketulo ya ma watt 2,200 imakoka ma amp 9.6. Hotipuleti ya mbale ziwiri ya ma watt 2,000 imakoka 8.7 mbale zonse zikayaka. Rice cooker ya ma watt 700 imakoka 3, blender ya ma watt 400 siifika ngakhale 2. Microwave imasokoneza pang'ono: nambala ya 800W yolembedwa kutsogolo ndi mphamvu yotenthetsera chakudya, koma kukhoma imakoka pafupifupi ma watt 1,200, ndiye werengani chikwangwani cha kumbuyo. TV ya ma watt 100 siikwana theka la amp imodzi.

Apa pakuoneka kale kuti zida zonse zopanga kutentha, ketulo, hotipuleti, toaster, air fryer ndi simbi, zimakoka magetsi ambiri ngakhale zili zazing'ono m'maso. Pulagi ya miyendo itatu yamakona imene timagwiritsa ntchito kuno, yomwe ndi yofanana ndi ya ku Britain, inapangidwa kuti isenze ma amp 13 basi, kutanthauza ma watt pafupifupi 3,000. Malire amenewa ndi omwewonso a ekisitenshoni yabwino, ikhale ya mabowo anayi kapena asanu ndi limodzi, chifukwa zonse zolumikizidwa pamenepo zimadutsira pa pulagi imodzi ndi chingwe chimodzi. Ketulo ndi hotipuleti pa ekisitenshoni imodzi ndi ma amp 18. Mwadutsa kale malire, microwave musanaiyatse.

Chifukwa chake imapsa ndi soketi ya ketulo

Magetsi akamadutsa pamalo opanikizika amatulutsa kutentha. Ndi mmene ketulo imawiritsira madzi, ndipo ndi mmenenso pulagi imasungunukira. Chofunika kuchigwira bwino ndi ichi: ma amp akachuluka kawiri, kutentha kumachuluka kanayi, akachuluka kakhumi, kutentha kumachuluka ka 100. Ketulo imakoka ma amp ochuluka kuposa a TV maulendo oposa 20, ndiye pa soketi yofooka yomweyo imatulutsa kutentha koposa maulendo 400. Soketi imene ingatumikire TV zaka khumi osadandaula ikhoza kuwauka ndi ketulo m'masabata ochepa.

Malo opanikizikawo kawirikawiri amakhala pamene zitsulo ziwiri zikukhudzana mosagwirana bwino. Mkati mwa soketi muli tizitsulo topana miyendo ya pulagi. Tikatha mphamvu, pulagi imalowa mosavuta, imagwedera, mwinanso imafuna kuipinda pang'ono kapena kuitsamiritsa ku chinthu kuti igwire. Pamenepo magetsi akudutsa pa kamalo kakang'ono kwambiri, ndipo nthawi zina amalumpha ngati timoto. Kutenthako kumafewetsanso tizitsulo tija, dzimbiri limamera, mpata umakula, kutentha kumawonjezeka. Vuto limadzidyetsa lokha mpaka pulasitiki itayamba kununkha. Sikuluwu yomasuka mkati mwa pulagi imachita chimodzimodzi.

Zizindikiro zake zimabwera moto usanabwere. Mukamaliza kuwiritsa madzi, zimitsani swichi, zulani pulagi ndipo muikhudze. Kufunda pang'ono sikodabwitsa, koma ikatentha moti simungaigwire nthawi yaitali, pali vuto. Onani ngati pali dera lofiirira kuzungulira bowo limodzi la soketi, mvetserani ngati mukumveka kuthetheka, nunkhizani ngati pali fungo longa la nsomba kapena la pulasitiki yopserera. Soketi yotere siikonzedwa, imasinthidwa, ndipo pulagi yomwe inali pamenepo isinthidwenso chifukwa miyendo yake yawonongeka ndipo idzaononga soketi yatsopanoyo.

Chingwe nachonso chili ndi malire. Kuti chisenze ma amp 13, waya wa mkuwa wa mkati ayenera kukhala wa 1.25 kapena 1.5 mm², ndipo nambalayi imadindidwa pa khungu la chingwecho. Cha 0.75 mm² chimasenza ma amp 6 okha. Ma ekisitenshoni ena otsika mtengo amakhala ndi khungu lonenepa koma mkati muli timawaya towerengeka, mwinanso ta aluminiyamu wongopakidwa mkuwa pamwamba, ndipo ena alibe fyuzi kapena waya wa earth, zotchinjiriza ziwiri zomwe tizifotokoze kutsogoloku. Pogula, yang'anani kulemera kwake, nambala ya ma amp ndi kukula kwa waya. Zomwe sizinalembedwe kalikonse zisiyeni. Ekisitenshoni yokulunga pa gudumu iyenera kutambasulidwa yonse ikamasenza katundu wolemera, chifukwa chingwe chokulungidwa chimasunga kutentha kwake mpaka kusungunuka. Pa chifukwa chomwecho, chingwe chisadutse pansi pa mphasa, kalipeti kapena thumba la ufa.

Lamulo losavuta kukumbukira ndi loti chida chilichonse chotenthetsa chilumikizidwe molunjika kukhoma, chokha. Ngati khitchini ili ndi soketi imodzi, monga zilili m'nyumba zambiri za lendi, phikani mosinthana: ketulo ithe kaye, kenako hotipuleti. Kulumikiza ekisitenshoni pa ekisitenshoni inzake, kapena kusanjikiza ma adaputa, kumangochulukitsa malo ogwederawo.

Fyuzi imateteza chingwe, siteteza munthu

Mkati mwa pulagi muli kachubu kakang'ono kotchedwa fyuzi. Mkati mwake muli kawaya kopyapyala komwe kanapangidwa dala kuti kaduke ma amp akapyola muyezo, chingwe chisanapse. Zofala ndi za ma amp 3, zolembedwa mofiira, za 5 zolembedwa mokuda ndi za 13 zolembedwa mwa bulawuni. Zida zosakwana ma watt 700 nthawi zambiri zimafuna ya 3, zoposa pamenepo ya 13. Zokhala ndi mota, monga firiji, zimakoka kwambiri poyamba kulira, ndiye pamenepo tsatirani nambala imene opanga analemba.

Anthu ambiri amadabwa kuti ekisitenshoni yasungunuka fyuzi ili yamoyo. Fyuzi ya ma amp 13 siiduka pa 14. Imatha kupirira ma amp 18 kapena 20 kwa mphindi zambiri, nthawi yokwanira kuti nyemba zibwate ndipo chingwe chifewe. Komanso soketi yogwedera imatentha popanda kuwonjezera ma amp, choncho fyuzi siidziwa n'komwe kuti kunja kukupsa.

Fyuzi ikaduka, ikunena kuti penapake palakwika. Kuikulunga ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu, kapena kuikamo msomali ndi kawaya, kumachititsa kuti chipangizo chiyakenso, koma tsopano malo ofooka kwambiri asanduka chingwe chenichenicho. Ikani fyuzi ya muyezo womwewo. Ikadukanso, vuto lili m'chipangizo ndipo chipite kwa mmisiri.

Chachikulu n'chakuti fyuzi siingapulumutse munthu. Thupi limayamba kumva magetsi pa milliamp imodzi, yomwe ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a amp. Akafika ma milliamp 10 mpaka 15, minofu ya dzanja imakungika ndipo munthu amalephera kusiya chomwe wagwira. N'chifukwa chake timati magetsi amugwira. Kupyola ma milliamp 30, kagundidwe ka mtima kakhoza kusokonezeka. Fyuzi ya ketulo imadikira ma milliamp oposa 13,000.

Mwendo wachitatu ndi ntchito yake

Pa miyendo itatu ya pulagi, iwiri yam'munsi ndiyo imayendetsa magetsi: live imabweretsa, neutral imabweza. Wapamwamba, wautali kuposa inzake, ndi earth, ndipo masiku onse umangokhala osagwira ntchito. Unalumikizidwa ku chitsulo cha kunja kwa ketulo, toaster kapena microwave, ndipo mbali inayo umathera pa ndodo yachitsulo yokhomeredwa m'nthaka panja pa nyumba. Tsiku limene waya wa live wasupuka mkati n'kukhudza chitsulocho, magetsi amathamangira njira yosavuta imeneyi mochuluka, fyuzi imaduka kapena bureka ya pa bokosi la magetsi imagwa. Earth ikakhala palibe, chitsulocho chimangokhala ndi ma volt 230 kudikira njira ina yopita pansi, ndipo njirayo amakhala munthu woima chapansi pa simenti yonyowa.

Apa ndi pamene pali yankho la rice cooker ija. Masilipasi sanathetse vuto, angotseka njira kwa kanthawi. Chipangizo chothetheretsa zala, ngakhale pang'ono chotani, chili ndi magetsi otayikira pa chitsulo chake ndipo earth yake siikugwira. Chizuleni, chisagwirenso ntchito mpaka chionedwe. Mukamva shoko pa zida zingapo, kapena pa mpopi ndi sinki, vuto ndi earth ya nyumba yonse, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wa magetsi wokhala ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta m'dziko muno.

Earth imatayika m'njira zomwe tazizolowera moti sitiziona ngati zolakwika. Zida zochokera ku South Africa zimabwera ndi pulagi ya miyendo itatu yobulungira, yopanda fyuzi, ndipo zina zochokera kumaiko ena zimakhala ndi miyendo iwiri. Ma adaputa ambiri otchipa amalandira pulagi iliyonse koma bowo la earth mkati mwake ndi logonthi. Ena amatsegula kachitseko ka soketi ndi cholembera kapena mtengo wa machesi kuti alowetse pulagi ya miyendo iwiri, ena amadula pulagi n'kulowetsa mawaya okhaokha. Pamenepo fyuzi palibe, earth palibe, kugwirana kwabwino palibe: zotchinjiriza zonse zachoka nthawi imodzi. Kachitseko kaja kanaikidwa kuti mwana asalowetsemo msomali, ndipo kakathyoka sikabwereranso.

Njira yokhazikika ndi kudula pulagi yachilendoyo n'kuika yamakona yokhala ndi fyuzi. Mukaitsegula miyendo italoza pansi, waya wa bulawuni, yemwe ndi live, amapita kumanja komwe kuli fyuzi. Wa buluu, neutral, amapita kumanzere. Wa mizere yobiriwira ndi yachikasu, earth, amapita pamwamba. Pa zingwe zakale, wofiira ndi live, wakuda ndi neutral, wobiriwira ndi earth. Waya wa earth asiyidwe wautaliko kuti chingwe chikakokedwa akhale womaliza kuzuka. Timawaya tonse ta mkuwa tipotedwe ndi kulowa pansi pa sikuluwu popanda kotsalira panja, ndipo kopanira ka pakhomo pa pulagi kagwire khungu lakunja la chingwe, osati mawaya amitunduwo.

Pali zida zina, monga ma blender ambiri apulasitiki, zomwe sizifuna earth chifukwa zinakutidwa kawiri mkati. Zimadziwika ndi chizindikiro cha kabokosi mkati mwa kabokosi kanzake pa chikwangwani chija. Ngati chizindikirocho palibe ndipo chida chili ndi chitsulo kunja, earth ikufunika. Zida zochokera ku America, zolembedwa 110V kapena 120V, ndi nkhani ina: adaputa imangosintha maonekedwe a miyendo, siichepetsa ma volt, ndipo chidacho chimapsa pomwepo popanda thiransifoma.

Chomwe chimateteza munthu mwachindunji ndi earth leakage, yomwe ena amaitcha RCD. Imakhala pa bokosi la magetsi, ndipo ntchito yake ndi kuyerekeza magetsi otuluka pa live ndi obwerera pa neutral. Akasiyana ndi ma milliamp 30, imadziwa kuti ena athawira kwina, mwina m'thupi la munthu, ndipo imadula sekondi isanathe. Mungaizindikire ndi batani lolembedwa T kapena Test. Lidinizeni miyezi itatu iliyonse. Magetsi akapanda kuzima, yafa. Nyumba zambiri zakale zili ndi mabureka okha opanda chipangizochi, ndipo kuchiika ndi ndalama imene ili yoyenera kuposa kugula chida china chatsopano cha kukhitchini. Ikamagwa nthawi zonse mukayatsa ketulo, siikuvuta ayi, ikugwira ntchito: ketuloyo ndiyo ikutayitsa magetsi.

Madzi, nthunzi, makoswe ndi mphemvu

Khungu louma limakaniza magetsi kwambiri. Likanyowa, makamaka ndi thukuta, madzi a mchere kapena a sopo, kukanizako kumatsika moti ma volt 230 akhoza kudutsitsa ma milliamp oposa 200. Ndiye pukutani m'manja musanakhudze swichi, ndipo soketi italikirane ndi sinki masentimita osachepera 30. Ekisitenshoni isakhale pansi pomwe pamakolopedwa.

Ketulo ichotsedwe pa chikhazikiro chake pothira madzi, ndipo chikhazikirocho chikanyowa chizulidwe kukhoma chisanapukutidwe. Madzi akhale pakati pa mizere ya MIN ndi MAX: akachepa chitsulo chotenthetsa chimapsa, akachuluka amasefukira pa zolumikizira. Mlomo wake usaloze ku soketi, chifukwa nthunzi imalowa m'mabowo tsiku ndi tsiku. Poto wa rice cooker apukutidwe kunsi asanabwezeredwe, ndipo njere za mpunga zichotsedwe pa mbale yotenthetsa. Hita yoviika m'ndowa ndiyo yoopsa kuposa zonse: ilowe m'madzi isanayatsidwe, izulidwe kukhoma musanapime madzi ndi chala, ndipo ana asayandikire. N'chimodzimodzi mbaula zopanga pamanja za koyilo yoonekera pa njerwa, chifukwa koyiloyo ndi waya wamoyo ndipo poto akaikhudza amakhalanso wamoyo.

Buledi akakakamira mu toaster, zulani pulagi musanalowetsemo chilichonse, chifukwa timawaya tofiira ta mkatimo n'tosakutidwa. Nyenyeswa zikhuthulidwe sabata iliyonse, zimayaka. Dzanja lisalowe mu blender pulagi ili kukhoma. Microwave isatsegulidwe kumbuyo ndi munthu wosaphunzira: muli kachipangizo kosunga ma volt pafupifupi 2,000 komwe kakhoza kupha ngakhale itazulidwa kale.

Makoswe amatafuna zingwe kuseri kwa firiji ndi makabati, ndipo mphemvu zimakonda kufunda kwa mkati mwa microwave. Kamodzi pa mwezi, zida zili zozula, yendetsani zala pa chingwe chonse, makamaka polowera m'pulagi ndi m'chipangizo pomwe chimapindika kwambiri. Chikang'aluka kapena mkuwa ukaoneka, chisinthidwe chonse. Tepi imamatuka ndi kutentha ndi mafuta a kukhitchini. Pozula gwirani pulagi osati chingwe, ndipo chingwe cha ketulo chisalendewere m'mphepete mwa tebulo pomwe mwana wokwawa angachikoke n'kudzikhuthulira madzi owira.

Magetsi akazima, ndiponso akamabwera

Kuzimazima kwa magetsi kumabweretsa ngozi yakeyake. Magetsi amazima ndiwo zili pa hotipuleti, anthu amasamukira pa mbaula ya makala, hotipuleti imaiwalika ili yoyatsa, mwina wina n'kuikapo nsalu yopukutira mbale kapena beseni lapulasitiki. Magetsi amabwera pakati pa usiku onse atagona, kapena masana nyumba ili yokhoma. Zimachitikanso mayunitsi akatha. Choncho magetsi akangozima, ntchito yoyamba ndi kuzimitsa ndi kuzula zotenthetsa zonse. Siyani babu limodzi loyatsa kuti likudziwitseni akabwera, ndipo dikirani mphindi zingapo akhazikike.

Firiji imafuna mphindi zitatu mpaka zisanu isanayakenso, ndipo imavutika ma volt akatsika madzulo pamene aliyense akuphika. Fridge guard imathandiza pa zonse ziwiri: imadula ma volt akakwera kapena kutsika kwambiri, kenako imadikira isanalumikizenso. Koma siikonza soketi yogwedera ndipo siteteza ku shoko.

Mukaona mababu ena akuwala modabwitsa pamene ena akuzirala, kapena zida zingapo zapsa nthawi imodzi, kawirikawiri ndiye kuti waya wa neutral waduka panja, ndipo ma volt akhoza kukwera kuyandikira 400. Apa ndi pomwe mawu oti magetsi abwera ambiri ali oona kwenikweni. Zimitsani main switch, swichi yaikulu yozimitsa magetsi a nyumba yonse, ndipo dziwitsani ESCOM. Mawaya a kuchokera pa pholo kufika pa mita ndi awo, musawakhudze.

Zikavuta

Chipangizo chikayamba kufuka kapena kuyaka, dulani magetsi kaye, pa soketi ngati mungafikepo bwino, apo ayi pa main switch. Aliyense m'nyumba, ndi ana okulirapo ndi wothandiza ntchito omwe, adziwe pomwe ili ndipo pasatsekedwe ndi katundu. Musathire madzi pa chida chomwe chikadali pa magetsi. Chozimitsira moto cha ufa kapena cha CO2 ndicho choyenera, ndipo mchenga wouma umathandiza pa moto waung'ono. Mafuta akayaka m'poto, zimitsani hotipuleti, vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo ndipo musaunyamule. Madzi pa mafuta oyaka amaulutsa moto mpaka kudenga. Moto ukakula, tulukani nonse, tsekani chitseko, itanani ozimitsa moto.

Munthu akagwidwa ndi magetsi, musamukhudze ndi manja, mungagwidwe naye limodzi. Zimitsani main switch kapena zulani pulagi. Ngati simungathe, imani pouma ndipo mumukankhe kumuchotsa pa chidacho ndi chinthu chouma chosayendetsa magetsi, monga mtengo wa tsache, mthiko wouma kapena mpando wapulasitiki. Ngati sakuyankha ndipo sakupuma bwino, wina aitane thandizo pamene inu mukudinikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, kulowa masentimita 5 kapena 6 kwa wamkulu, osaleka mpaka thandizo lifike. Pamalo popsa thirani madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, osapaka mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira mano. Ngakhale atadzuka n'kunena kuti ali bwino, apite kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka ngati anakomoka, akumva kupweteka pachifuwa, ndi mwana kapena ndi mayi woyembekezera, chifukwa kabala kakang'ono pa chala kamatha kubisa kupsa kwa mkati, ndipo mtima umafunika kupimidwa.